Mawu Amene Agogo Anandigawira

Utsi wa milamba yowamba ukangondilowa m'mphuno, ndimawaona agogo anga aamuna, a Makwinja, atakhala pampando wa ndalema kuseri kwa nyumba yathu kufupi ndi doko la Kachulu, ntchentche zikulira pa matemba oyanika, mphepo yochokera ku chilumba cha Chisi ikubweretsa fungo la matope ndi phokoso la asodzi okokera mabwato kumtunda. Pamkeka pafupi ndi miyendo yawo pamakhala Esinati ndi buku. Ine ndimakhala uko, mu utsi, maso ali psuu.

Agogo anakhalapo khukhi wa mzungu wina ku Zomba, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: msana wopindika ndi Chingerezi. Chingerezicho sankachimwaza ngati chimanga cha nkhuku. Ankachita kugawa, mdzukulu aliyense mawu akeake.

"Mawu a azungu amayenda awiriawiri ngati anthu a m'bwato," ankatero. "Wakutsogolo amangooneka, koma mwini ulendo ndi wakumbuyo."

Esinati anali mwana wa mayi anga aang'ono, msinkhu umodzi ndi ine, kalasi imodzinso. Iye anamugawira "go on". Akakakamira pa liwu lovuta powerenga, agogo ankagogoda ndodo pansi n'kunena kuti "Go on!" ndiye kuti pitiriza. Tikafika pakanjira kopapatiza ka m'minda ya mpunga popita kutchalitchi, "Go on," ndiye kuti tsogola. Ine anandigawira "look after". Moto wowambira nsomba, "look after". Khanda la mayi aang'ono likalira, "look after". Akhwangwala akayamba kuzungulira matemba, mawu ake omwewo.

Tsiku lina ndinawafunsa tanthauzo lake.

"Look payekha ndi kuona chabe, mbuzinso imaona," anayankha. "Ukaikapo after, ndiye kuti chinthucho chili m'manja mwako, Felesiya. Chikaonongeka tifunsa iwe."

Nsanje inkandidya, sindibisa. Kusukulu sindinali mbuli ayi, masamu ndinkamuposa Esinati kutalitali. Koma diresi lake linkanunkhira sopo, pomwe ine anzathu ankati ndikalowa m'kalasi aliyense amamva njala. Mawu ake anali opita kutsogolo, anga anali ondikhazika pachitsa. Ndinkamuyang'ana akutsegula tsamba ndi tizala take toyera, mumtima n'kumalakalaka mbuzi itadya bukulo.

Chaka chimene tinkamaliza pulayimale, amalume athu ogwira ntchito ku Zomba anabwera kudzanena kuti atenga mwana mmodzi akaphunzire kutauni. Malo kunyumba kwawo analipo a mmodzi basi. Monga mwini mbumba akanatha kusankha okha, koma anati asankhe agogo, popeza ndiwo ankatidziwa mitu yathu.

Ndinati apa ndiye pofera. M'mawa mwake Esinati akuwawerengera amalume, anapunthwa pakati pa tsamba n'kukhala chete. Tsamba limenelo ndinali nditalimva kambirimbiri ndili kumoto. Ndinalitola pomwe analisiya, mokweza, n'kulinena lonse pamtima mpaka kumapeto, manja anga akutembenuza milamba pawaya.

Amalume anatembenuka. "Kodi ameneyu amadziwa chonchi?"

"Mutu ali nawo," anatero agogo, ndipo mtima wanga unadumpha. "Koma taonani. Wanena tsamba lathunthu, nsomba sinapserere ngakhale imodzi. Winayu mukamusiyira moto, tigona ndi njala. Akachoka Felesiya, pakhomo pano pagwa."

Anandiyamikira pamaso pa anthu onse, ndipo kuyamikirako ndi kumene kunandimanga. Amayi anangoyang'ana pansi. Loweruka lake Esinati anakwera minibasi ya ku Zomba atanyamula kachikwama ka amalume, agogo n'kumukwezera ndodo: "Go on!" Ine sindinamubayibitse. Ndinabwerera kumoto, n'kumauza aliyense kuti misozi inali ya utsi.

Zaka zinapita, nyanja inaphwa n'kudzazanso, ine n'kukwatiwa pamudzi pomwepo. Agogo maso anachita khungu, kenako miyendo inakana. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti mawu anga aja ali ndi tanthauzo linanso: kudwazika. Ndinkawamwetsa phala, kuwachapira zofunda, kuwatulutsa kuti aothere dzuwa. Koma minibasi ikangoliza hutala kumsewu, ankadzutsa mutu.

"Si Esinati ameneyo?"

Funso limenelo linkandibaya kuposa munga wa mlamba. Masana ena ndikuwapukuta kukamwa, anandigwira pamkono.

"Ndiwe Felesiya. Ndamva utsi."

"Ndine, agogo."

"Ndinakupatsa mawu olemera, mdzukulu wanga."

"Olemera ndithu, agogo. Koma sindinawapemphe."

Mkono wanga sanausiye. Sanapepese, inenso sindinabweze mawu anga. Ndinawamalizitsa phala lija. Anamwalira mpunga usanache.

Lero Esinati amagwira ntchito muofesi. Ndi munthu wabwino, akabwera amandibweretsera shuga ndi chitenje, ndipo ubwino wakewo ndi umene umandiwawa kwambiri, chifukwa umandisowetsa pomudera. Agogo ndinkawakonda ndipo ndimawasowa, koma nsanje ija sinakwiriridwe nawo limodzi. Ndimawambabe milamba pa Kachulu.

Ndili ndi ana aakazi awiri. Wamng'onoyo, Tamanda, anatengera manja anga: moto umamumvera, nsomba sizimupserera. Anthu odutsa amamuyamikira, ine n'kumachita mantha. Akangoyandikira waya kuti andithandize, ndimamulanda chikuni, n'kumulozera buku lake pamkeka.

"Amayi, ndingotembenuzako pang'ono."

"Iyayi. Go on."

Mawu amenewo agogo sanandigawire. Ndinadzitengera ndekha.