Busa la Tiwonge

Ndinachoka ku Vinthukutu chaka chimene ng'ombe zathu zitatu zinafa ndi njala mwezi umodzi. Msipu unali utatheratu. Aliyense ankadyetsa pomwe wafuna, ena n'kumatentha tchire posaka mbewa. Ndinati ine basi, ndikupita ku Joni. Ng'ombe zisanu zotsalazo ndinasiyira mlongo wanga Tiwonge, ndikuganiza kuti angozigulitsa.

Ku Joni ndinkatsuka magalimoto. Ndalama zinkathera lendi ndi chakudya, kwathu ndinkatumiza mwezi wina, wina ayi. Chaka chachiwiri ndinamugulira Tiwonge foni kuti ndizimvako mawu a kwathu, poti sabata inkatha ndisanalankhule Chitumbuka ndi munthu.

Iye foniyo anaipezera ntchito ina. Anasonkhanitsa eni ng'ombe a midzi inayi, n'kugwirizana zogawa busa: dambo ili lipume, ili adyetseko. Anatsegula gulu la pa foni lochenjezana za moto, akuba ndi matenda a ziweto, nane n'kundiikamo. Ndili mkati mopukuta galimoto za eni, ndinkamva azibambo amene anandiona ndikukula akuti, "Amama Tiwonge, moto wabuka kuphiri, titani?" Ine amene ndinakulira kubusako panalibe wonditchula. Tsiku lina ndinalembamo malangizo anga. Zii, osayankhidwa. Ndinatuluka m'gulumo, n'kumunamiza Tiwonge kuti foni yadzaza.

Nditabwerako patatha zaka zisanu ndi chimodzi, ndinapeza ng'ombe khumi ndi imodzi m'khola, zonenepa. Ndinayamika ndi pakamwa pokha. M'mawa mwake ndinazitsogolera kudambo limene malemu adada ankadyetsako. Ndisanafike, a Gondwe, mkulu wa mpingo wathu, anatsika panjinga n'kundiimitsa.

"Kumeneko n'kotseka mpaka mvula igwe. Simunawafunse alongo anu?"

"Ndimufunse iyeyo? Ng'ombezi n'zanga!"

"Ng'ombe n'zanu, inde. Koma udzuwo ndi wa tonse."

Ndinabweza ng'ombe mtima ukuwawa. Pofika pakhomo, Tiwonge anali atamva kale. Uthenga unandipitirira panjira. Ndinkafuna andiseke kuti ndipeze poyambira kukalipa, koma sanatero.

"Adumbu," anatero modekha, monga timaitanirana pachilongo kwathu, "njira zimene akuba amadzera kuseri kwa phiri zikutisokoneza. Lachinayi tilibe woyendera kumeneko. Mungapite?"

Ndinavomera. Anatenga kope la oyendera busa n'kulemba dzina langa pamzere womaliza, pansi pa mayina onse a anthu amene sanachoke.