Thovu m'khitchini mwa achimwene a Lazaro

Mwachoma bwanji nonse a pagulu lathu la banja lino.

Lero ndinali kwa achimwene a Lazaro ku Katete. Mashini otsukira mbale aja anagula ku Lusaka kuti anthu aziwaona atayira madzi khitchini yonse, mpaka thumba la mbewu ya nshawa lanyowa.

Achimwene osafunsa n'komwe, ayamba kukalipira akazi awo, alamu a Tisa, pamaso pa alendo a kutchalitchi. "Wakumudzi iwe, wandiphera mashini! Kwanu ku Sinda munaziona kuti zotere?" Alamu alira mpaka kuyamba kulongedza zovala.

Kenako achimwene, akatswiri athuwo, avula shati, agona pansi ndi sipanala. Amasula paipi, apeza ili bwinobwino. Ayang'ana labala wa pachitseko, sanang'ambike. Ine potsegula kabokosi ka sopo, ndapeza mwadzaza sopo waufa wochapira zovala. Thovu lake ndilo limakankhira madzi kunja.

Ndafunsa kuti wathira sopo ameneyu ndani. Kenako achimwene, thovu lili mbuu kundevu, akuti, "Sopo ndi sopo basi. Ndinathira ndine m'mawa, koma iyeyu bwenzi atandiletsa."

Tamvani! Bambo wamkulu, kupepesa kwake n'kumeneko. Pochoka ndawasiya pakhonde akuuza alendo kuti mashini a masiku ano ndi osalimba.

Alamu ndabwera nawo kuno kwanga. Akuti sabwerera mpaka awapepese pamaso pa anthu omwewo, ndipo ine sindiwakakamiza. Amalume, inu mukuti bwanji? Nanunso achimwene, ndikuona kuti mwawerenga. Yankhani pompano, pagulu, monga munachitira pokalipa.