Mkono Wamanzere wa Mwana Wanga

Chaka chimene ntchito zomangamanga zinaima mu Dublin, amuna anga anali m'gulu la anthu oyamba kuuzidwa kuti asabwerenso. Tinkakhala ku Swords, kumpoto kwa mzindawo. Ine ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo nditaona mmene zinthu zinalili ndinayamba kulowa mashifiti onse amene anzanga ankakana. Za nthawi imeneyo ndimakumbukira zochepa: kukwera basi, fungo la sopo wa kuntchito, ndi tulo tosachoka m'maso.

Mwana wathu wamwamuna anali atangoyamba sekondale. Tsiku lina anabwera ndi chigolovesi chachikopa, chachikulu ngati mbale. Nditamufunsa, anandiyankha m'Chingerezi, monga ankachitira nthawi zonse, kuti walowa timu ya besibolo. Sindinkadziwa n'komwe kuti kunoko kuli masewera amenewa. Wina amaponya kampira kolimba ngati mwala, wina n'kumayesa kukamenya ndi chibonga. Mwana wanga ndiye anali woponyayo.

Oponya m'timumo analipo awiri, iyeyo ndi mnzake wina wachiairishi, wamtali, wa ku Ballymun. Ankasinthanasinthana. Kochi wawo anali bambo wina wokonza magetsi amene anaphunzira masewerawa ali ku Amereka. Loweruka lina nditapita kukamutenga mwanayo, bamboyo anandiimitsa pageti.

"Mayi, mwana wanuyu ali ndi mkono," anatero. "Wamanzere woponya chonchi sapezekapezeka. Akapitiriza, makoleji a ku Amereka akhoza kudzamufuna."

Ndinathokoza. M'mutu mwanga munali basi, kuti tikachedwa itisiya.

Amene anaitenga nkhaniyi ndi mtima wonse anali bambo ake. Tsiku lonse ankangokhala pasofa, koma mwana akaweruka kusukulu ankadzambatuka, kupita naye kuseri kwa nyumba, kunyonyomala pafupi ndi mpanda n'kumawakha mipira. Ine ndili chigonere kuchipinda ndinkangomva phaa, phaa, mpaka kunja kuyambe kuzizira. Chikhatho chawo chinkatupa. Ankachiviika m'madzi ozizira uku akumwetulira.

Kenaka banja la mnzake uja linasamukira ku Canada, chifukwa nawonso ntchito inali itawathera. Woponya anatsala mmodzi. Mwana wanga ankaponya gemu iliyonse, kuyamba mpaka kumaliza, ndipo akafika kunyumba ankapeza bambo ake atavala kale golovesi.

Tsiku limene anavulala ndinalipo. Kunkawaza kamvula. Anaponya mpira koma unagwera panjira, osafika kwa womenya. Anaima kanthawi, mkono uli lende. Sanalire. Anangoyenda n'kubwera pabenchi pamene ndinakhala.

"Mami, china chake chaduka m'katimu," anatero. Ananena m'Chichewa.

Ndinamuveka jekete. Ndinadikira kuti mtima undiwawe, koma sizinachitike. Ndinangoona kuti nsapato zake zadzaza matope, ndipo ndinaganiza zoti ndikaziviike tikafika.

Kuchipatala adokotala anati mtsempha wa pachigongono wang'ambika chifukwa chogwira ntchito mopitirira muyezo, ndipo ayenera kupuma miyezi yambiri. Bambo ake anafunsa ngati adzaponyenso ngati kale. Adokotala anati tiona.

Tikubwerera, mwana anakhala yekha mpando wakutsogolo m'basimo, atatseka makutu ndi nyimbo. Amuna anga anandigwira bondo.

"Amake mwana, kodi ndamupweteka ndine?"

"Sindikudziwa," ndinayankha.

Titafika ndinasintha zovala n'kupita kuntchito. Agogo ena amene ndinkawasambitsa anandifunsa ngati kunyumba kuli bwino, ndinati kuli bwino.

Chisanu chitatha mwanayo anabwerera kubwalo. Anapeza kochi uja atapita ku Australia kukafuna ntchito. Ana otsalawo anali atawaphatikiza ndi timu ina ya kum'mwera kwa mzinda, ulendo wa mabasi awiri. Anapitako kangapo. Bambo ake anamuperekeza tsiku loyamba, atabwera anandiuza kuti mpira wa mwanayo sukuthamanganso, ndipo ana amene kale ankangomenya mphepo tsopano ankaumenya mosavuta. Sanamuperekezenso.

Tsiku lina ndikusita yunifolomu yanga, mwanayo anaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti wasiya. Ndinamufunsa ngati chigongono chikumupwetekabe. Anati pang'ono. Ndinati chabwino. Anaimabe pomwepo, ngati akudikira kuti ndiwonjezerepo mawu. Ndinatembenuza malaya n'kuyamba kusita mbali inayo. Patapita kanthawi ndinamva akukwera masitepe.

Zinthu zinadzasintha pang'onopang'ono. Amuna anga anapeza ntchito yoyendetsa vani yopereka katundu m'mashopu. Mnzake wa mwana wanga wa ku Canada uja tinamva kuti anaponyako kukoleji, phewa n'kumuvuta, ndipo pano amaika mawindo m'nyumba zatsopano. Wanga atamaliza sukulu analembedwa ntchito kubwalo la ndege, monga ana ambiri a ku Swords. Amayendetsa kagalimoto kokoka zikwama za apaulendo. Za besibolo m'nyumba mwathu sitinazikambenso.

Atatsala pang'ono kukwatira anandipempha kuti ndimuperekeze kukayezetsa suti kwa telala wina wochokera ku Zambia. Telalayo, ali ndi tepi m'manja, anati, "Mwana wanga, wongola kwanja." Mwanayo anatambasula mkono wamanzere, koma unathera panjira, chigongono chili chopindika.

"Wongolanso pang'ono," anatero telala.

"Umathera pomwepa," anayankha.

Ndinali ndisanadziwe. Zaka zonsezo ankadya patebulo limodzi ndi ine. Telala anayeza mkonowo mmene unalirimo, kenaka anatembenukira kwa ine n'kufunsa ngati tasankha nsalu yakuda kapena yabuluu. Ndinati afunse mwiniwake.