Kabokosi ka Pansi pa Chishalo

Loweruka, sabata yachiwiri ya Okutobala. Ndikulemba nditakhala pakhonde, dzuwa likadali pamwamba. M'zikhadabo mwanga mwatsala oilo wakuda ngakhale ndasamba m'manja kawiri ndi sopo wochapira.

Ababa anagula njinga yamoto mwezi wathawu. Ndi yakale, yaitali, ya matayala a manomano ngati zija amakwera alangizi a zaulimi. Mwini wake woyamba ankayenda nayo m'mapiri a ku Namwera. Ababa amanyamulirapo usipa wouma kuchokera kuno ku Malindi kupita kumidzi yakumtunda, ndipo m'mawa uliwonse amandisiya pageti pa sukulu. Kale ndinkayenda wapansi, n'kufika phunziro loyamba litatha. Amayi anali atanena kale kuti zikapitirira choncho ndikakhale kwa azakhali kuboma, ndizikaphunzira konko. Ine sindikufuna. Kwa azakhali kumakhala anthu ambiri, ndipo ine pagulu mawu amandithawa. Njingayi ndi imene yandisunga pakhomo pano.

Pansi pa chishalo chake, chakumbali, pali kabokosi kapulasitiki kokhala ndi chivundikiro. Ababa atakatsegula tsiku loyamba anapeza mulibe kanthu, ndipo anakondwa kwambiri. "Amene anapanga njingayi ndi anthu oganiza," anatero. "Anaika mpaka posungira katundu." Kuyambira pamenepo amapindamo kofia yawo yoyera yopempherera, kuti nthawi ya swala ikawapeza panjira angoitulutsa.

Kofiayo ndimachapa ndine. Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti inkabwera yofiira ndi fumbi kuposa malaya awo, chonsecho imakhala motsekedwa. Lolemba lapitali, ababa akusamba, ndinatsegula kabokosiko n'kupisamo dzanja. Mkati ndinapeza bowo lolowera cha ku injini. Chala changa chinatuluka ndi fumbi losalala ngati ufa wosefa. Ndinakumbukira zimene tinaphunzira m'kalasi, kuti injini imapuma mpweya monga munthu. Ndiye kuti fumbi lonse la mumsewu linkadutsa pa kofia ya ababa n'kulowa m'kati.

Ndinasunga zimenezi masiku atatu. Mwana wamkazi angauze bwanji bambo ake za njinga imene agula okha? Ndinkayamba kuti, "Ababa," iwo akayankha, ine n'kufunsa ngati ndiwapatse madzi akumwa.

Lachinayi tikupita kusukulu, njinga inatsamwa pachitunda, n'kuzima. Ababa anaponda kiki kasanu, thukuta lili kamukamu. Itadzuka, ndinalankhulira kumsana kwawo, poti nkhope sindikanatha kuiyang'ana.

"Ababa, kabokosi kaja si kosungira zinthu ayi. Ndi mphuno ya njinga."

"Watiko chani, amayi?" Ababa amanditchula choncho chifukwa ndinatenga nkhope ya amayi awo.

Ndinabwereza. Anaseka mpaka njinga inagwedezeka, koma pageti sanachoke msanga. Anayang'ana kabokosiko kwa kanthawi. "Loweruka tipitire limodzi kwa amakaniko," anatero.

Ndiye lero m'mawa tinawoloka mlatho kupita kuboma. Amakanikowo ndi bambo wachikulire, wochokera kumalire a Mozambique, ndipo amagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Atatsegula kabokosiko anatulutsa kofia, n'kuikweza m'mwamba.

"Achimwene, njinga yanuyi imaswali?"

"Imaswali kuposa inu," ababa anayankha, koma ndinaona kuti achita manyazi.

"Muno mumakhala eyakilina, siponji yosefa mpweya. Anyamata akumapiriwa amaichotsa dala, amati njinga ikamapuma momasuka imathamanga. Imathamangadi, koma imathamangira kumanda. Mwayenda nayo nthawi yaitali bwanji chonchi?"

"Mwezi. Za mwini wake uja sindikudziwa."

Amakaniko anapukusa mutu. Ndinayamba kuona chipinda cha kwa azakhali, ndi asuweni anga asanu akundiyang'ana ndikudya.

"Anazindikira ndani?" amakaniko anafunsa.

Ababa anandiloza ndi chibwano. Ndinayang'ana pansi.

"Bwera kuno, mwana wanga. Zala zanga zinafa kalekale, sizimva kanthu." Anamasula bawuti ya pansi pa injini, oilo n'kuyamba kutsikira m'chigubu chodula pakati. Anandiuza kuti ndidonthezere pang'ono pachala, nditikite ndi chala chachikulu. "Ukumva chani?"

"Muli timchenga."

"Tokanda kapena tosalala?"

Ndinatikitanso mosamala, poopa kunama. "Tosalala. Tochepa."

"Eya. Tsopano tione ngati ili ndi mtima." Anachotsa pulagi, yomwe inali yakuda bii, n'kutseka bowo lake ndi chala chachikulu. "Achimwene, pondani kiki. Pondani ngati mwadya, osati ngati muli pa Ramadani."

Ababa anaponda mwamphamvu. Mpweya unakankha chala cha amakaniko n'kulira kuti phwa. Anapondanso, chimodzimodzi. Amakaniko anamasula kabuleta, n'kuitsuka ndi petulo m'mbale yachitsulo. Pansi pa mbaleyo panatsala matope ofiira. Kenako anatenga siponji yatsopano, n'kundipatsa kuti ndiinyowetse ndi oilo pang'ono ndi kuifinya m'dzanja. Anati osaipotokola ngati chovala, imang'ambika. Oiloyo ndi amene amagwira fumbi. Ndinaiika ndekha m'kabokosi muja, iwo akuyang'ana ngati m'mbali simunatsale mpata.

Atathira oilo watsopano ndi kubwezera pulagi, njinga inadzuka pa kiki yachiwiri. Amakaniko anagwada kumbuyo kwake, kuyang'ana utsi. Unatuluka wabuluu pang'ono, kenako unayamba kuchepa.

"Yakandika mkati, sindikubisirani," anatero. "Maring'i a mu injini adzafuna kusintha mtsogolo muno. Koma siinafe. Mukanayenda nayo chonchi mpaka mvula, tikanakamba zina. Oiloyu mudzamuchotsenso pakatha masabata awiri, atuluke ndi zotsalira. Siponjiyo izichapidwa Loweruka lililonse nthawi ya fumbi ino. Ndipo kofia muzivala kumutu, ndiko kwawo."

"Alhamdulillah," ababa anatero motsitsa. Kenako anandiyang'ana. "Wamva ntchito yako, amayi?"

Ndinagwedeza mutu. Pothokoza amakaniko ndinangopinda mawondo.

Pobwerera njinga inkamveka mosiyana, phokoso lake lofatsa. Pachitunda paja ndinagwira malaya a ababa, kudikira kuti itsamwe. Inakwera bwinobwino. Ababa anangondigwira dzanja kamodzi n'kulisiya.

Titafika, amayi anamva nkhani yonse akupeta mpunga. Anaseka za kofia, koma kenako anati, "Nanga tsiku limene maring'iwo adzathe? Za kwa azakhali ako tisaziiwale." Ine ndinangolowa m'nyumba.

Ndaganizira zimenezi masana onse. Amayi sakudziwa kuti ndimaopa kupita, chifukwa sindinawauzepo. Amaganiza kuti akundichitira zabwino, ndipo mwina n'zoona. Mawa tikamakachapa kunyanja awiriwiri ndidzawauza ndi pakamwa panga kuti ndikufuna kumalizira sukulu ndili pakhomo pano, ndi kuti njinga ikadzagona masiku angapo kwa amakaniko ndidzayenda wapansi monga kale. Ndidzayamba kulankhula tisanafike pamadzi, kuti ndisapeze mpata wosintha maganizo.