Kumene Kulemera kwa Fodya Kumapita

Chaka chatha, tikusankha fodya m'chigafa, ndinauza anzanga kuti ndatulukira kumene kulemera kwa fodya kumapita. Aliyense kuno ku Lisasadzi amadziwa kuti fodya wamuwisi amalemera, koma akauma pa mikangala amapepuka ngati nthenga. Ine wa Sitandade 6 ndinalengeza kuti kulemerako kumasanduka kuwala kosaoneka ndi maso. Ndinanena chala chili m'mwamba ngati mkulu wa mpingo, ndipo ena anagwedeza mitu.

Ndinazitola m'buku la sayansi limene mwana wanga wamkazi anasiya popita kusukulu kunja kwa dziko. Chikuto lilibe, koma m'mphepete muli zolemba zake za pensulo, zopendekeka ngati za amayi ake. Bukulo limati kulemera ndi mphamvu ndi chinthu chimodzi. M'kati mwa dzuwa, tinthu tating'ono kwambiri totchedwa mapulotoni timaphatikana, kulemera pang'ono n'kusanduka kuwala. Kuwalako akuti kumayenda ngati mafunde a padamu, koma kumafika ngati timchenga, kamodzikamodzi. Peji imodzi inkanditengera sabata, magalasi ali pamphuno, mutu uli waa.

Kunena zoona, sindinkafuna nzeru. Mafoni a ine ndi mwanayo anali atafupika. "Muli bwanji ababa? Mvula ikugwa? Amayi ali bwanji?" Basi. Ali wamng'ono ankakhala pa belo la fodya, miyendo ili lendelende, kundifunsa mafunso mpaka ine kuthawa. Tsopano ine ndi amene ndinalibe chomufunsa.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinakwera chulu cha kuseri kwa nyumba ya aneba anga, poti netiweki imagwira pamenepo pokha. Anebawo, bambo a msinkhu wanga amene analipo m'chigafa muja, anali pakhonde akusenda mtedza. Ndinamuimbira mwana wanga, ndipo atayankha ndinamufotokozera zonse monyadira.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ababa! Amenewo ndi madzi chabe akuuma! Kulemera konseko kukanasanduka kuwala, bwenzi Kasungu yense atapsa mpaka ku Chisemphere."

Manyazi anandigwira, koma iye sanadule. Anandiuza kuti nditsegule peji ina, ndiwerenge zimene analemba pansi pake. Ndinawerenga mwachibwibwi, iye akundikonza. Anafotokoza za dzuwa pang'onopang'ono, ndi mawu ake akale aja othamanga akasangalala, n'kumandifunsa kuti, "Mwamva ababa?" Ine ndinkangoti ayi, ngakhale pamene ndamva. Tinalankhula mpaka batire inatha.

Ndikutsika pachulu, anebawo anasiya kusenda.

"Ndiye bodza lanu lija laululika, aphunzitsi?"

"Laululika, aneba."

Anathira makoko pansi. "Mukanakhoza, akanangoti 'eya ababa' n'kudula. Lamulungu likubwerali mukalakwitsenso pa za mafundezo. Mukasowa cholakwitsa mubwere kwa ine, ndili nazo zambiri."