Chitseko cha Bambo

Maganizo ochoka kwathu anandibwerera ndili kumanda, tikuika mayi. Sindinauze munthu tsiku limenelo, koma mumtima ndinali nditanyamuka kale.

Kwathu ndi kwa Mlonyeni, kufupi ndi malire a Zambia. Masiku amenewo mudzi wathu wonse unalibe sowo ngakhale imodzi. Mmisiri amene tinkadalira anali atapita kukagwira ntchito ku esiteti ya fodya, zida zake atazitsekera m'nyumba. Ndiye mayi atamwalira, anthu anachita zimene tinkachita nthawi zonse: anazula chitseko cha nyumba ya bambo kuti tikhomere bokosi. Tinachiwaza ndi nkhwangwa, kuchisema ndi kasemasema, misomali yakale n'kumaiwongola pamwala. Wokhoma ndinali ine, poti ndinali nditaphunzirako za matabwa pang'ono ku mishoni ya Ludzi. Adzukulu akutsitsa bokosilo m'manda, thabwa la pansi linangoti phwa! Mwendo wa mayi unaonekera. Azimayi anakuwa, amuna anayang'ana kumbali. Mpaka lero, ndikamva thabwa likung'aluka, ndimakumbukira tsiku limenelo.

Titabwerera kumudzi, bambo sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anaima pakhomo pa nyumba yawo, pamene panali pululu, n'kunena motsitsa mawu:

"Damiano, ine usadzandiike choncho."

"Sindidzatero, bambo. Ndikupita kukagula zida zangazanga."

Patatha miyezi iwiri ndinali ku Kitwe, ku Zambia, m'shedi yaikulu yokhoma zitseko ndi mawindo a nyumba za kumigodi. Kapitawo wathu anali a Mulenga, mkulu wa imvi, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba. Nditalandira malipiro oyamba, ananditengera pawindo la sitolo ina n'kundilozera randa yachitsulo, yopalira matabwa.

"Mwana wa ku Malawi, yamba ndi iyi," anatero. "Mwezi uliwonse chida chimodzi. Zida za kampani si zako, tsiku lochoka udzazisiya."

Ndinavomera ndi mutu, koma mapazi anandipititsa kwina. Ndinagula buluku la belibotomu, lotambalala kumiyendo. Mwezi wotsatira nsapato zazitali zidendene. Kenako wailesi. Randa ija ndinkaidutsa Loweruka lililonse, n'kumaiuza kuti mwezi wamawa. Inu, uchitsiru umenewo! Akulu sananame kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndinkadzinamiza kuti bambo ndi munthu wolimba, amalima yekha fodya, sangafe lero kapena mawa.

Musaganize kuti ndinkasangalala. M'kachipinda kanga ndinkakhala ndekha ngati kadzidzi. Wailesi ija ndinkaisaka mpaka igwire ya kwathu, ndipo ikafika nthawi ya mauthenga achisoni ndinkasiya kudya, khutu lili pawailesi, kudikira kumva dzina la mudzi wathu. Akatha kuwerenga osalitchula, ndinkapuma, n'kulumbira kuti mawa ndikugula randa. Kukacha, lumbiro lija lazizira.

Makalata ankalemba ndi achemwali anga a Velonika. Ankafika atatsegulidwa kale ndi a boma n'kumatidwanso, ndiye palibe amene ankalemba zambiri. "Mvula yagwa. Ndalama talandira, bulangeti nalonso. Bambo akufunsa za randa." Mzere womalizawo sunkasowa. Ine ndinkayankha za mvula ndi za bulangeti, za randa n'kudumpha. Manyazi anandimanga miyendo: ndipita bwanji kwathu chimanjamanja? Chaka chinabala chinzake mpaka zinakwana zisanu ndi ziwiri, ndipo kumudzi anali atayamba kunditchula mtchona.

Kalata yomaliza inali yaifupi kuposa onse. "Bambo sakudya. Akuti ngati randa wagula, bwera nayo. Ngati sunagule, bwera choncho."

Ndinathamangira kusitolo ija tsiku lomwelo. Atanditchulira mtengo wa randa ndinayang'ana kumapazi kwanga: nsapato zimene ndinavala zinali zodula kuposa iyo. Ndinafuna kudzimenya khofi. Ndinagula randa, sowo, hamala, sikweya yowongolera ngodya, ndi matchizulo atatu osemera. A Mulenga anandinolera okha mpeni wa randayo. Anandipatsanso mahinjesi awiri, ndi chitini chodzaza masikuluwu, misomali yopota ija, pamodzi ndi chomangira chake. Sanandinyoze. Anangoti, "Fulumira."

Ku Chipata ndinameta tsitsi langa lalitali n'kusinthanitsa belibotomu ndi buluku wamba, chifukwa kwathu zinthu zimenezo zinali zoletsedwa. Pamalire ndinadutsa bwino, n'kukwera lole ya matola. Tisanapite patali tinapeza mtengo utagonekedwa pa migolo iwiri, anyamata a chipani ataima pambali. Aliyense anatulutsa khadi lake la chipani. Ine ndinalibe.

"Tsikani, bambo. Ndi katundu wanu yemwe."

Dalaivala anadikira pang'ono, kenako anandiyang'ana ngati akupepesa, n'kuliza lole. Ndinaiona ikupita ndi fumbi lake.

Mkulu wawo anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, kutsogolo kwake kuli tebulo logwedera limene ankagulitsirapo makadi. Anandigulitsa khadi la chaka chimenecho ndi la chaka chilichonse chimene ndinali kunja. Sindinatsutse. Kenako analamula kuti bokosi la zida litsegulidwe. Anayala matchizulo pansi, n'kuyesa limodzi pachala chake.

"Mipeni yotereyi mukupita nayo kuti? Mukudziwa kuti ku Zambia n'kumene kumabisala zigawenga?"

Mawu amenewo masiku amenewo ankasowetsa munthu.

"Ndine kalipentala, bwana. Bambo anga ali kayakaya kwa Mlonyeni."

"Aliyense wotsika pano bambo ake amakhala ali kayakaya." Anzake anaseka. Iye anamenya tebulo lija, ilo n'kupendama. "Ngati ndinu kalipentala, lichiritseni ili."

Ndinagwada pafumbi. Tchizulo linandicheka chala, koma ndinabisa magaziwo m'buluku. Ndinasema timitengo tokhomera m'mipata, kulimbitsa miyendo, kupala mwendo umene unatalika. Nthawi yonseyo ndinkaona mthunzi wa mango ukusuntha, n'kumadzifunsa ngati bambo akupumabe. Nditamaliza, mkulu uja analigwedeza tebulo, ilo osasuntha. Kenako ananyamula randa yanga, n'kuisisita ngati mwana wa mbuzi.

"Yabwino. Iyi itsale, tiziona ngati tebulo silibwerera."

Ndinamasula chikwama, n'kutulutsa wailesi, n'kuiyatsa. Nyimbo inamveka mpaka kumsewu.

"Bwana, chitsulo icho sichiyimba. Tengani iyi."

Anayang'ana wailesi, anayang'ana randa. Kenako anaiponya randa ija m'bokosi langa n'kunena kuti, "Zipitani, musatichedwetse." Wailesi imene ndinaigula m'malo mwa randa ndi imene inaombola randa, ndipo sindinaitembenukire n'komwe.

Ndinasenza bokosi pamutu n'kudulira njira za m'minda. Mudzi uliwonse umene ndinkayandikira ndinkayang'ana ngati pamsewu paikidwa masamba a maliro. Nditafika pa dambo la kwathu ndinaima, kutchera khutu. Kunalibe kulira. Ana ankasewera, wina ankasinja. Chifukwa cha chimwemwe ndinakhala kaye pachulu.

Koma nditaona nyumba ya bambo, chimwemwe chija chinathawa. Pakhomo panali mphasa yakale, yomangidwa ndi luzi. Zaka zisanu ndi ziwiri, nyumba ija inalibe chitseko.

A Velonika anatuluka, manja ali m'chiuno. Sanandipatse moni.

"Wabwera, mtchona? Ukuiona mphasayo? Alamu ako anafuna kuwagulira chitseko, anakana. A kutchalitchi anabwera nacho chopangapanga, anachibweza. Akuti chitseko adzakhoma ndi Damiano. Mphepo yonse ya Juni inkathera m'chifuwa mwawo, iwe uli kuvina ku Kitwe."

Ndinawerama n'kulowa.

Bambo anali atagona pamphasa, atafunda bulangeti limene ndinatumiza. Munthu amene ankasenza yekha mtolo wa fodya anali atatsala mafupa. Anatsegula maso.

"Wabwera nayo?"

Ndinawaika randa m'manja. Anayesa mpeni wake ndi chala, n'kumwetulira. Kenako analoza kudenga. Pamitanda panali matabwa asanu ndi limodzi a mlombwa, atauma bwino. Anali atagulitsa mbuzi kuti ocheka awachekere, chaka chomwe ndinachoka.

Ine ndi kupusa kwanga ndinati, "Ndiyambe kuyeza, bambo?"

"Wapenga?" a Velonika anakuwa ali pakhomo. "Bokosi la munthu wamoyo? Ukufuna mudzi wonse uti wabwera kudzawamaliza? Adzakutcha mfiti mpaka kufa kwako!"

Ankanena zoona. Kwathu bokosi silikhomedwa mwini wake akupuma.

"Ndani wanena za bokosi?" bambo anatero, akutsokomola. "Ine ndikufuna chitseko. Matabwa atatu chitseko, atatu enawo benchi loti ndiziotherapo dzuwa."

M'mawa mwake anawatulutsa panja kuti aziona ndikugwira ntchito, ndipo anandivutitsa kwabasi. Nditapala mbali imodzi ya matabwa a benchi, anati ndipalenso kunsi.

"Kunsi adzaonako ndani, bambo?"

"Pala."

Nditatenga sowo kuti ndidule matabwa molingana ndi khomo, anakweza dzanja.

"Usadule. Gumula khomo pamwamba, likwere. Ndatopa n'kuwerama polowa m'nyumba mwanga."

Ndinagumula, ndikung'ung'udza chamumtima kuti matenda awasokoneza mutu. Nditatenga hamala, anakananso.

"Misomali ayi. Ika yopota ija. Misomali imang'alula thabwa."

Tsiku lachitatu chitseko chinalowa. Bambo anadzuka atagwira phewa langa, anachitsegula, anachitseka, anachitsegulanso. Sichinalire ngakhale pang'ono. "Eya," anatero. "Mwana wanga ndi mmisiri." Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe n'kukalira ngati mwana.

Anakhala masiku khumi ndi awiri. M'mawa uliwonse ankaothera dzuwa pabenchi, ndipo aliyense wodutsa ankamuitana kuti adzaone chitseko. Tsiku lotsatiralo sanadzuke.

Abale atasonkhana, bambo aang'ono anabwera ndi nkhwangwa, monga mwa masiku onse, kuti azule chitseko. Ndinawagwira dzanja. Ndinatenga chomangira chija n'kuyamba kumasula masikuluwu limodzi limodzi. Matabwa anatuluka athunthu, opanda mng'alu, osalala mbali zonse ziwiri. Ndinamasulanso benchi. Nditawayala pansi n'kuyeza ndi chingwe chimene anayezera thupi, anali msinkhu wa bambo ndendende, n'kutsalako pang'ono podula tizidutswa ta kumutu ndi kumiyendo. Ndinakhala pansi, chingwe chili m'manja. A Velonika anayang'ana matabwa, anandiyang'ana ine, n'kugwira pakamwa. Bambo anali atandipalitsa bokosi lawo okha akuona, ndipo palibe amene akanatitola chifukwa.

Adzukulu anatsitsa bokosilo ine nditatseka maso, kudikira phokoso lija. Silinamveke. Linakafika pansi mwakachetechete.

Ku Kitwe sindinabwerere. Randa ija ndikadali nayo, chogwirira chake chinachita kulowa m'kati chifukwa cha dzanja langa, ndipo pakagwa maliro m'midzi yozungulira imapita osalipiritsa. Anthu amati ndinasunga lonjezo. Ine ndimangovomera, koma ndikudziwa kuti amene analisunga ndi bambo, pogona mphepo zaka zisanu ndi ziwiri kuti mwana wawo adzakhale ndi chobwerera. Ndikanagula chitsulo chija mwezi woyamba, akanagona nyengo zonsezo chitseko chili chotseka, ndipo mwina chifuwa chija sichikanawapeza. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Titachoka kumanda tsiku lija, pakhomo pa nyumba panalinso pululu. A Velonika anakatenga mphasa yakale ija kuti amangirepo. Ndinawalanda, ndinaipinda, n'kunyamuka kukafuna matabwa.