Sutikesi ya Azakhali

Ndikukumbukira bwino tsiku limene ndinathetsa banja ndili Fomu 2. Linali sewero la kusukulu, lakalekale, lolembedwa kunja, ndipo aphunzitsi anandisankha kukhala mkazi wotopa ndi mwamuna womuletsa chilichonse.

Nthawi imeneyo kwathu ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, kunali mlendo, azakhali anga a Esinati. Anali atathawa ku Zomba chifukwa amuna awo anawatsekera makina osokera, ati mkazi wapabanja sakhala pakhonde la sitolo. Ankhoswe ankabwera Lamlungu kudzawatenga, ndipo bambo anali atagamula kale kuti abwerere.

Sewerolo linkafuna sutikesi. Ine, wopanda manyazi, ndinakhuthulira zovala za azakhali kunsi kwa bedi n'kutenga yawo osapempha, yofiirira, yomanga ndi mphira.

Loweruka masana holo inadzaza, fungo la majuzi onyowa ndi mvula yowaza lili ponseponse. Anthu a ku Mzuzu saonera sewero ali chete. Nditangonyamula sutikesi kulunjika kuchitseko, holo yonse inandiukira.

"Yayi! Bwerera iwe! Banja n'kupirira!"

Mawu onse a sewerolo ndinaiwala. Sutikesiyo ndinatsala pang'ono kuitula pansi. Kenaka kumbuyo kunamveka mawu amodzi akuthwa.

"Yenda, mwanawe, usacheuke! Koma uigwire kunsi, chogwiriracho n'chothothoka!"

Anali azakhali, munthu amene mwezi wonse sanakwezepo mawu m'nyumba mwathu. Anthu anafa nazo kuseka, bambo anangowerama. Ine ndinaikumbatira sutikesiyo n'kutuluka.

Ankhoswe atafika, azakhali anawalandira ndi tiyi, n'kugwada mwaulemu wonse. "Zikomo kuti mwayenda ulendo wautali. Ine sindibwerera. Mukangonditumizira makina anga." Ndinkasuzumira pazenera, ndipo mpaka lero sindinaonenso munthu wolimba mtima chotero. Makina anafikadi pabasi, ndipo azakhali anasoka mayunifolomu ku Mchengautuwa mpaka maso atayamba kuwavuta.

Masiku ano mwana wanga akuphunzira sewero lomwelo, amaliwerengera pafoni. Tsiku lina anandifunsa monyansidwa, "Amami, mzimayi ameneyu ankadikira chiyani zaka zonsezi?" Ndinaseka, ndipo ndinakondwa kuti kwa iye kutuluka pachitseko chija si nkhani yovuta. Sanainyamulepo sutikesi ija. Ine ndinainyamula yopanda kanthu, masitepe asanu okha, koma thukuta linatuluka. Azakhali anainyamula yodzaza, okhaokha, kuchokera ku Zomba.